Mipando Itatuluka ku Kapata

Mlongo wanga anali dalaivala wa thiraki. Ankagwira ntchito kwa bambo wina wa Chisilamu wa muno mu Chipata, amene makolo ake anachokera ku Malawi kalekale. Bamboyo ali ndi sitolo ya simenti ndi malata, komanso mathiraki ochepa. Njira ya mlongo wanga inali imodzimodzi chaka chonse: kutulukira pa boda ya Mwami, kudutsa Malawi, kulowa Mozambique mpaka kudoko, kupita ndi soya, kubwera ndi feteleza. Ulendo umene ndikunenawu anapatsidwa katundu wopita kumpoto, kutali ndi msewu umene anauzolowera. Poti mtunda unali wautali, ananyamukira limodzi ndi mwana wa abwana akewo, bambo wa ana awiri, kuti azilandirana chiwongolero.

Kumpoto kwa Mozambique kuli nkhondo ya zigawenga. Tonse tinkadziwa, koma inali nkhani yakutali, yobwera kumapeto pa wailesi, za mpira zisanayambe.

Thiraki inapezeka itapsa m'mbali mwa msewu. M'kati munalibe mtembo, pafupi panalibenso mtembo. Kenako pa foni ya abwana panafika uthenga wa mawu kuchokera ku nambala yachilendo. Woyamba kulankhula anali mwana wawo, mlongo wanga n'kutsatira. Mlongo wangayo anati, "Tili moyo. Atigwira. Muwauze amake mwana asalire." Ndinaumvetsera uthengawo mpaka ndinaloweza ndi zakumbuyo zomwe. Kunkalira tambala, ndipo munthu wina ankatsokomola chapafupi.

Ine ndinagwirapo ntchito ku nyuzipepala ndisanabwerere kwathu kudzatsegula kashopu kosindikiza makadi a ukwati. Choncho abale anandisiyira za mafoni. Amene ankandiyankha ku Lusaka anali bambo wina wa ku ofesi ya boma, waulemu, wa mawu otopa.

"Mayi, nkhani zotere zimafuna chete," anatero. "Mukapita ku wailesi, anthu aja amva kuti agwira anthu ofunika, ndiye zivuta. Komanso dziko lija ndi anzathu. Sitingawachititse manyazi pagulu. Tikulankhula nawo."

"Mukulankhula ndi ndani? Boma lawo kapena amene amugwirawo?"

"Tikulankhula, mayi."

Tinakhaladi chete. Amene sanakhale chete ndi tauni. Madalaivala a pa Mwami anali atamva kale, ndipo chimene chamveka pa Mwami m'mawa chimafika ku msika dzuwa lisanafike pamutu. Pa wailesi ya kuno anatsegula mafoni. Woyamba anati boma litumize asilikali mawa lomwe. Wachiwiri anafunsa ngati ana a eni ake ayenera kukafera feteleza wa munthu mmodzi. Wina anati titseke boda, ndipo mayi wina wogulitsa zitenje anaimba n'kumufunsa ngati adzamudyetsera ana. Otsutsa boma anati boma lili m'tulo. A boma anati otsutsa akusaka mavoti m'misozi ya anthu. Onsewa ankati "dalaivala uja." Wina mpaka anamusamutsira ku komboni ya Nabvutika, chonsecho nyumba yake ili ku Kapata.

Pasanapite nthawi mawu anatembenukira kwa abwana. Poti zigawengazo zimadzitcha Asilamu, anthu anayamba kunena kuti ndi anzawo omwewo, kuti thirakiyo inanyamula zina pansi pa tenti. Omanga nyumba anayamba kukagula simenti kwina. M'mawa wina pakhoma la sitolo panapezeka mawu olembedwa ndi makala. Abwana anatenga ndowa ndi chiguduli n'kupukuta okha, antchito awo akuyang'ana. Zoti mwana wawo weniweni ali m'manja momwemo, anthu ankazidumpha.

Ndiye linafika tsiku la mipando. Ine ndinalibe pamene zinkayamba. Ndinali kusitolo ndi abwana, tikudikira foni ya wamalonda wina wa ku Mozambique amene ankadziwana ndi munthu wodziwa njira ya kuthengo. Zimene ndilembe apa ndinazifunsa pambuyo pake kwa aliyense amene analipo, mmodzimmodzi, ndipo onse anagwirizana.

Kwathu munthu akakhala pa mavuto sasiyidwa yekha. Abale a kumudzi, njira ya ku Chadiza, atamva anabwera pa kalole ka kanta kodzaza, amalume ali kutsogolo, kudzakhala ndi alamu anga, mkazi wa mlongo wanga. Nyumba ya ku Kapata ndi yaing'ono. Amayi anachuluka pabalaza, ndipo wina anati atulutse masofa kuti ayale mphasa. Masofa anatuluka, tebulo inatsatira. Abambo anakhala pa masofawo panja. Unali mwezi wa June, mphepo ikuwomba kuchokera kumapiri, ndiye wina anakoka chitsa n'kusonkha moto. Amayi anavula nsapato n'kuzisiya pakhomo.

Azakhali athu anatsalira kumudzi ndipo anabwera okha pa njinga yolipira. Atakhota pa ngodya anaona masofa panja, moto ukuyaka masana, abambo atazyolika, nsapato zitaunjikana pakhomo. Aliyense wokulira kuno amadziwa nyumba yooneka choncho. Azakhali anatsika njinga isanaime n'kuyamba kulira kuchokera pa ngodya pomwepo, akutchula dzina la mlongo wanga. Amayi a m'nyumba atamva anaganiza kuti azakhali abwera ndi uthenga, ndipo anawalandira kulirako. Alamu anali kuchipinda akugoneka mwana. Anatuluka, anaona azakhali akugubuduka pansi, n'kukomoka.

Palibe amene ananena kuti wamwalira, ndipo palibe amene anafunsa. Anansi anamva kulira n'kubwera. Amayi a kutchalitchi anavala yunifomu n'kubwera ndi nyimbo. Wina anajambula ndi foni. Pamene ndinkatsika takisi, anyamata a wandale wina anali akukhoma kale tenti pamsewu, matumba a ufa ndi kabichi zikutsika m'galimoto.

Ndinapita kwa amalume n'kugwada. "Malume, uthenga wabwera ndi ndani?"

"Ndi azakhali ako."

Ndinalowa m'nyumba, ndinadumpha miyendo ya anthu, n'kuwagwira azakhali paphewa. "Zakhali, mwamva kwa ndani?"

Anandiyang'ana maso ali ofiira. "Kumva chiyani? Ndaona mipando."

Ndinaimirira pakati pa balaza n'kunena kuti palibe amene wafa. Nyimbo inadukiza pang'ono. Mayi wina wa kutchalitchi anandikoka chitenje n'kundinong'oneza kuti ndilimbe mtima, zimavuta kuvomera. Nyimbo inapitirira.

Wandale uja anafika madzulo ndi anthu ake ojambula. Anaima pafupi ndi moto n'kunena kuti mwana wa Chipata waphedwa boma likuonerera. Ndinamuuza kuti mwana wa Chipatayo tinamumva ndi makutu athu ali moyo. Anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri n'kundiuza kuti ali nafe limodzi pa nthawi yovutayi. M'mawa mwake a chipani china anabwera ndi tenti yokulirapo, ufa wawo uli m'matumba akuluakulu. Masana a tsiku lomwelo wailesi inawerenga uthenga wa boma: ndi chisoni chachikulu, mmodzi mwa nzika ziwiri zija wamwalira, malinga ndi a pabanja, ndipo boma likuyesetsa kupulumutsa wotsalayo.

Ndinaimbira bambo wa ku Lusaka ndili kuseri kwa nyumba, pafupi ndi pamene amayi ankadula kabichi.

"Pepani, mayi, ndi zovutazi," anayamba choncho.

"Palibe zovuta. Palibe amene wafa. A pabanja amene mukunenawo ndine, ndipo simunandifunse."

"Koma zithunzi taziona. Ndipo akuluakulu alankhula kale."

"Abweze mawuwo."

"Sangabweze chifukwa cha foni imodzi. Muli ndi umboni woti ali moyo?"

"Inu muli ndi umboni woti wafa?"

"Mayi, pakhomo panu pali tenti."

Chete uja ndinamusiya tsiku lomwelo. Ndinapita ku wailesi, anandipatsa mpata pang'ono, ndipo ndinafotokoza za masofa, za moto, za azakhali. Ndinamaliza ndi uthenga wa mawu uja. Wowulutsa anatsegula mafoni. Woyamba anaseka n'kufunsa ngati ufa tibweza. Wachiwiri anati Msilamu uja watipatsa kanthu kuti timuyeretse. Wachitatu anati amalume anzeru amenewo awatumize ku Lusaka akakhale nduna ya maliro. Ndinagwira ntchito ku nyuzipepala nthawi yokwanira kudziwa kuti nkhani imalembedwa pa tsamba loyamba, kukonza kwake kumapita m'kati, pansi pa malonda a matayala. Koma kale ndinkazidziwa ndili mbali inayo ya tebulo.

Nditabwerera ku Kapata ndinapeza amalume ataitanitsa abale kuseri. Pansi panali thunthu la nthochi, lodulidwa kumene, lotalika ngati munthu. Kwathu munthu akafera kutali, kapena m'madzi, mtembo wake osapezeka, amaika thunthu lotere m'manda m'malo mwake.

"A nyuzipepala, khalani pansi," anatero amalume. "Mwalankhula ku wailesi, tamva. Tsopano mumve za kuno. Anthu alira. Adya. Akuluakulu abwera ndi magalimoto. Tikawauze kuti tinkasewera? Komanso maliro akayamba sawasiya panjira. Ayenera kufika kumanda, apo ayi amatsalira m'nyumba, ndipo muli mwana wamng'ono."

"Malume, mukufuna kuika munthu wamoyo."

"Ndikufuna kuika nthochi. Akabwera tidzamusambitsa mankhwala, tidzapha mbuzi, adzalowa m'nyumba. Zinachitikapo. Koma iwe ukudziwa, inenso ndikudziwa, kuti anthu aja sabweza munthu."

Sanalankhule mwankhanza. Mlongo wanga anakulira m'manja mwawo, ndipo anali atalira usiku wonse. Abale ambiri anagwedeza mitu kuvomera. Ine ndinatsala ndi uthenga wa pa foni, ndipo uthengawo unali utakalamba kale.

Alamu anali atatsitsimuka kale. Anali atakhala pa mphasa pakona, atafunditsidwa chitenje kumutu monga amachitira ndi namfedwa. Anachotsa chitenjecho, anachimanga m'chiuno, n'kutuluka panja. Pa sofa yaikulu panali abambo anayi, mmodzi wa iwo mkulu wa mpingo.

"Pepani abambo, ndikufuna mpando wanga."

Anayang'anizana, kenako anaimirira. Alamu anagwira sofa mbali imodzi n'kuyamba kukoka. Ndi munthu wamng'ono thupi, ndipo sofayo ndi ya matabwa olemera. Inakwekwereka pafumbi mpaka pakhonde n'kukakamira pakhomo. Ine ndinathamanga kukakankha. Anthu odzaza matenti awiri ankatiyang'ana, osadziwa ngati kuthandiza n'kulakwira amalume.

Nthawi yomweyo abwana anafika wapansi, atavala mkanjo ndi kachipewa kawo. Pamene ankadutsa pakati pa anthu kunamveka kung'ung'udza. Sanayang'ane kumbali. Anafika pakhonde n'kunyamula mbali yanga ya sofa.

"Abwana," anatero amalume ali chiimire, "mwabwera kudzaona ntchito ya anzanu?"

"Malume, anzangawo ali ndi mwana wanga. Tagwirani mwendo uwo, ukukola pa felemu."

Amalume anaima kanthawi. Kenako anawerama n'kugwira mwendowo, mwina chifukwa chakuti sangaonerere mpando ukulowetsedwa molakwika. Anatiuza kuti tiupendeke. Sofa inalowa.

Alamu anatenga ndowa n'kuthira madzi pamoto. Anthu anayamba kuchoka pang'onopang'ono, ena akuseka, ena atakwiya. A zipani anabwera kudzatenga matenti awo, ndipo mmodzi anawerenga zitsulo zake kawiri. Thunthu la nthochi linakatayidwa kudzala.

Abwana anakhala pa sofa ija m'nyumba n'kutiuza zimene anabwerera. Anati nawonso kumzikiti ena anali atayamba kuwafunsa za pemphero limene amachitira munthu wofera kutali, ndipo anakana. Kenako anati wamalonda uja waimba.

"Achemwali, wamalondayo wamva zimene boma lanena. Tsopano akufunsa za munthu mmodzi."

"Mwamuuza kuti ndi awiri?"

"Ndamuuza. Akuti iye amalankhula ndi munthu amene amalankhula ndi munthu wina, ndipo funso lililonse limamuika pa ngozi. Akuti sangakaike khosi lake pa munthu amene boma lake lamulira kale pa wailesi. Ndamutumizira mawu anu a pa wailesi aja. Akuti wailesi ya ku Chipata kumeneko saidziwa."

Alamu anafunsa, "Ndiye mupempha wanu yekha?"

"Amayi, ndinawatuma awiri. Ndikupempha awiri."

Ndikukhulupirira kuti anapemphadi awiri, chifukwa mafoni ambiri ankaimba ine ndili pomwepo. Ine ndinakwera basi kupita ku Lusaka. Ndinakhala pa benchi m'khonde la ofesi ija kuyambira m'mawa, ndipo madzulo bambo waulemu uja anatuluka n'kundipatsa moni ndi manja awiri. Anali wamkulu kuposa mmene mawu ake ankamvekera. Anati nkhani yanga waimva ndipo aipititsa pamwamba. Anati ndimvetse kuti maiko awiri akagwirizana chinthu chimodzi pagulu, kuchisintha kumafuna nthawi. Ndinamufunsa ngati mlongo wanga ali ndi nthawiyo. Anandifunsa ngati ndili ndi pogona mu Lusaka.

Mwana wa abwana anabwera mphepo itatha, mitengo ikuphuka. Analowera pa Mwami. Kunali magalimoto a boma, mbendera, ojambula, ndi zolankhula zoyamikira ubale wa maiko awiri. Pa wailesi anati nkhani ija yatha bwino, ngakhale kuti tinataya mmodzi. Mwana wa abwanayo anaima pakati pawo ataonda, malaya akulendewera.

Tsiku lotsatira bambo ake anabwera naye ku Kapata. Mwanayo anakana kukhala pa mpando, anakhala pansi pafupi ndi chitseko. Anatiuza kuti anthu aja ankawasenzetsa katundu kuchoka msasa wina kupita wina, ndipo mlongo wanga anamupeza kuti amadziwa kukonza njinga zamoto, ndiye ankamusunga pafupi. M'mawa wina anaitana mwana wa abwanayo yekha n'kumuuza kuti anyamuke.

"Ndinawauza kuti tili awiri. Anati auzidwa za mmodzi."

"Munamusiya ali bwanji?" anafunsa alamu.

"Ali moyo, alamu. Phazi linali litatupa, koma ankayenda. Anakhala pa tayala akutsuka pulagi ya njinga yamoto."

"Ananena chiyani?"

Anaweramitsa mutu. "Anati ndikuuzeni kuti chimanga cha m'matumba chija muthiremo mankhwala, anankafumbwe asalowe. Anati chaka chatha munachedwa."

Alamu anaseka kamodzi, kuseka kouma. Kenako anatuluka kupita kuseri, ndipo tinawasiya.

Ndinatenga mawu amenewa n'kupita nawo kulikonse kumene ndikanatha. Nambala ya ku Lusaka inayankhidwa ndi munthu watsopano amene anati bambo uja anasamutsidwa, ndipo monga akudziwira iye nkhaniyo inatsekedwa. Wandale wa tenti yoyamba anandiuza kudzera mwa mnyamata wake kuti pakali pano akulimbana ndi za mtengo wa ufa. Mnzanga wakale wa ku nyuzipepala analemba ndime zingapo, ndipo zinatuluka m'kati. Mu tauni anthu anapeza funso latsopano: bwanji wa Msilamu wabwera, wathu ayi? Sabata yomweyo magalasi a sitolo anaswedwa ndi miyala. Abwana anakhomapo malata, ndipo amatsegula monga kale.

Lachisanu lililonse akachoka kumzikiti amaimbira wamalonda uja, ine nditakhala pa matumba a simenti. Nthawi zina foni imalira osayankhidwa. Nthawi zina amayankha n'kunena kuti msasa unasamuka, munthu wake uja sakumveka. Ulendo wina anati anamva za wokonza njinga zamoto wolankhula Chinyanja. Sanathe kunena kuti anamva liti. Ndinamufunsa mafunso onse amene ndinaphunzitsidwa kufunsa, ndani, kuti, liti, ndipo anadula.

Alamu anathira mankhwala m'chimanga. Foni yawo siizima. Magetsi akapita amakaitchajitsa kwa mnansi wa sola, n'kuima pomwepo mpaka idzaze.

Mu October amalume anabwera kudzationa. Kunkatentha kwambiri, malata akulira padenga, ndipo m'makomo onse a mu mzere uja anthu anali panja pansi pa mitengo ya mango. Amalume analowa, anakhala pa sofa ija, anavula chipewa n'kuyamba kudzikupiza nacho. Thukuta linkatsika m'khosi. Anafunsa ngati kwamveka kanthu, ndipo ndinawauza za wokonza njinga zamoto uja. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

Patapita nthawi anati, "Apongozi, muno tipsa. Tatulutsani kampando kamodzi, ndikakhale pamthunzi."

Alamu anapita kukhitchini n'kubwera ndi madzi m'kapu. Anagwada, anawapatsa, kenako anatsegula zenera mpaka kumapeto.

"Mipando ya muno situluka, malume, mpaka mwini wake abwere."

Amalume anamwa madziwo, anabweza kapu, n'kukhala momwemo mpaka dzuwa linapendeka.